Kompyuta Ikamadzizima Masewero Ali M'kati



Nkhani ya lero ikuyambira m'kachipinda kena pafupi ndi msika wa pa boma la Chitipa. Mwini kachipindako ndi mnyamata amene anasunga ndalama za chimanga ndi nyemba kwa zaka ziwiri, nagula kompyuta ya patebulo yogwirapo kale ntchito, naikamo chipangizo chojambula zithunzi za masewero chimene amisiri amachitcha graphics card. Madzulo alionse anyamata ankabwera kudzasewera mpira wa pa kompyuta, uja unkatchedwa FIFA koma kuyambira mu 2023 ukutchedwa EA Sports FC, ndipo ankalipira pa mpikisano ulionse. Zinthu zinayenda bwino miyezi ingapo. Kenaka kompyuta ija inayamba khalidwe lachilendo. Polemba makalata kapena poonetsa kanema inkagwira ntchito tsiku lonse popanda chovuta, koma masewero akafika pachimake galasi linkangoti bii, makinawo n'kudziyatsanso okha ngati kuti wina wadina batani. Osewera ankaitanitsa ndalama zawo, ena n'kusiyiratu kubwera.

Alangizi sanasowe. Wina anati ndi vairasi, choncho mnyamatayo anafufuta zonse naikanso Windows. Vuto linakhalapobe. Wina anati ndi RAM, ndipo ndalama inatumizidwa ku Mzuzu. RAM yatsopano inafika, koma kompyuta inazimabe tsiku lomwelo. Kugula mongoganizira kumapweteka kulikonse, koma ku Chitipa kumapweteka koposa, pakuti Karonga ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo chipangizo chogulidwa molakwika ku Mzuzu kapena ku Tunduma sichibwezeka msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wanzeru amayamba wafufuza, ndipo pofufuza amayambira pa zimene sizilira ndalama.

Funso loyamba ndi lakuti: n'chifukwa chiyani vutoli limadza pa masewero pokha? Yankho lake lili ngati la ngolo. Ngolo yopanda katundu imayenda bwino ngakhale goli lake lili ndi mng'alu, koma ikadzazidwa ndi matumba n'kuyamba chikweza, pofooka paja m'pamene pamathyoka. Polemba kalata kompyuta imadya magetsi ochepa. Pa masewero purosesa ndi graphics card zimagwira ntchito ndi mphamvu zawo zonse nthawi imodzi, zimakoka magetsi ochuluka, ndipo magetsi onsewo amasanduka kutentha m'kati mwa bokosi. Tsono chilema chilichonse chimene chinabisala, kaya cha kuziziritsa, kaya cha magetsi, chimaonekera pa nthawi imeneyi.

Ntchito yoyamba ndiyo kuonetsetsa mmene kompyuta ikuzimira. Windows inapangidwa kuti ikakumana ndi cholakwa chachikulu izidziyatsanso yokha, ndipo nthawi zina imatero msanga kotero kuti munthu saona uthenga umene unalembedwa. Pa malo otchedwa Startup and Recovery pali kabokosi kolembedwa kuti Automatically restart. Mwini kompyuta achotse chizindikiro m'kabokosiko. Akatero, ngati vuto lili m'mapulogalamu kapena mu RAM, kawirikawiri makinawo amaima ndi kuonetsa uthenga wa cholakwa, ndipo uthengawo ndi woyenera kuukopera m'kope. Koma ngati galasi lingoda mwadzidzidzi popanda uthenga, maso atembenukire ku magetsi ndi ku kutentha. Windows ilinso ndi kaundula wa zochitika wotchedwa Event Viewer. M'menemo mumapezeka mzere wa Kernel-Power wokhala ndi nambala 41. Anthu ambiri amanyengeka nawo poganiza kuti apeza wolakwa, pamene mzerewo umangochitira umboni kuti kompyuta inazima mosatsata dongosolo. Phindu lake n'lakuti umasunga tsiku ndi nthawi yeniyeni, ndipo nthawi imeneyo idzathandiza patsogolo.

Kachiwiri, kutentha. Aliyense wokhala ku Chitipa akudziwa mphepo ya m'chilimwe, imene imanyamula fumbi kuchokera m'misewu ndi m'minda n'kulilowetsa m'nyumba ngakhale zitseko zili zotseka. Mafani a kompyuta amakoka mpweya usana wonse, ndipo fumbi limatsalira pakati pa timapeyala tachitsulo timene timachotsa kutentha pa purosesa, mpaka kuumbika ngati bulangete. Pali mapulogalamu aulere, monga HWMonitor, amene amaonetsa kutentha kwa chipangizo chilichonse. Purosesa yopuma imakhala pa madigiri a pakati pa 30 ndi 50. Mapurosesa ambiri a masiku ano akayandikira madigiri 95 kapena 100 amachepetsa liwiro pofuna kudziteteza, ndipo kutentha kukapitirira amazimitsa makina onse. Chifukwa chake vuto la kutentha limakonda kupereka chenjezo: mafani amalira kwambiri, masewero amayamba kudodoma, kenaka makina n'kuzima.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo. Mwini achotse pulagi kukhoma, atsegule mbali ya bokosi, akhudze chitsulo cha bokosilo asanagwire zam'kati, kenaka apemerere fumbi ndi pampu kapena alichotse ndi kaburashi kofewa, atagwira fani kuti isazungulire mopitirira. Aone ngati fani iliyonse ikuzungulira. Pakati pa purosesa ndi chitsulo chake choziziritsa pamapakidwa phala lotchedwa thermal paste, limene limauma pakapita zaka ndipo limafunika kulipukuta ndi kupaka lina pang'ono. Bokosi lisakhale pansi pa fumbi kapena lopanikizidwa kukhoma.

Kachitatu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, ndi kabokosi kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawira zipangizo zonse, kotchedwa power supply. Magetsi a m'dziko muno amafika pa mavolti 230, pamene zam'kati mwa kompyuta zimafuna mavolti 12, 5 ndi 3.3. Makompyuta ambiri ogwirapo kale ntchito amene amafika kuno anapangidwira m'maofesi, ndipo power supply yake imatha kupereka mawati 200 kapena 300 basi. Graphics card yapakatikati payokha imadya mawati a pakati pa 120 ndi 200, ndipo zikuluzikulu zimaposa 300. Kuonjezera apo, chipangizochi sichikoka magetsi mofanana nthawi zonse: chithunzi chikasintha mwadzidzidzi chimakoka mphamvu yoposa ya nthawi zonse kwa kanthawi kochepetsetsa. Power supply ikalephera kusenza katunduyo, mavolti amatsika kapena chitetezo chake chimadula magetsi, ndipo kompyuta imayambiranso popanda kusiya uthenga ulionse.

Pogula power supply pafunika kusamala, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Zina zotsika mtengo zimalembedwa mawati ambiri pachikuto koma sizikwanitsa zimene zalembedwazo. Nambala yofunika kuiwerenga ndi ya mphamvu imene imaperekedwa pa mavolti 12, chifukwa purosesa ndi graphics card zimadya pamenepo. Njira yabwino yoyesera ndiyo kubwereka power supply yodalirika kwa mnzake kwa tsiku limodzi. Njira ina ndiyo kuchepetsa kukongola kwa zithunzi m'masewero. Kuzima kukaleka, ndiye kuti katundu anali atachuluka. Chenjezo lalikulu ndi ili: power supply siyenera kutsegulidwa ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa m'kati mwake muli zipangizo zimene zimasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itachotsedwa.

Kachinayi, magetsi a kukhoma. Gawo lalikulu la magetsi a dziko la Malawi limachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, m'chigawo cha kumwera, pamene Chitipa ali kunsonga ya kumpoto. Chigawo cha kumpoto chili ndi malo aang'ono opangira magetsi pa mtsinje wa Wovwe m'boma la Karonga, amene anayamba kugwira ntchito mu 1995. Ndi chikhalidwe cha magetsi kuti akayenda mtunda wautali pa waya, mphamvu yake imatsikako, makamaka madzulo pamene aliyense wayatsa zake. Ndiponso chigayo kapena makina owotcherera zitsulo akamayamba kugwira ntchito amakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo nyumba zoyandikana nawo zimaona babu likuphethira.

Kuphethira kumeneku munthu sakulabadira, koma kompyuta imakumva. Power supply imasunga mphamvu yokwanira kupirira kudukiza kwa magetsi kwa nthawi yosakwana gawo limodzi mwa magawo 50 a sekondi ikakhala itasenza katundu wake yense. Ikakhala yopepukidwa, monga polemba kalata, imapirira nthawi yotalikirapo. Ichi ndicho chifukwa chake kuphethira komweko kumene sikuvutitsa wolemba kalata kumagwetsa wosewera mpira. Power supply yokalamba imapirira mochepera apo. Chothandiza ndi UPS, chipangizo cha batire chimene chimalowererapo magetsi akadukiza, makamaka ya mtundu umene umawongolanso mavolti, ndipo ikhale ya mphamvu yoposa imene kompyuta imadya pa masewero. Amene amadalira sola kapena jenereta, monga ambiri a ku Nthalire, ku Wenya ndi ku Misuku, adziwe kuti mainveta otsika mtengo amatulutsa magetsi osasalala amene power supply zina zimawakana; ofunika ndi olembedwa kuti pure sine wave. Ekisitenshoni ya mawaya opyapyala ndi soketi yogwedera nazonso zimazimitsa makina.

Zotsala ndi RAM ndi mapulogalamu oyendetsa zipangizo, otchedwa madiraiva. RAM imayesedwa ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86, ndipo nthawi zina imangofunika kuizula ndi kuibwezera bwino. Diraiva ya graphics card ichotsedwe n'kuikanso yochokera kwa opanga ake. Amene anakweza liwiro la purosesa kapena la RAM alibwezere pamene opanga anaika. Pa zonsezi lamulo ndi limodzi: kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kusewera kwa ola lathunthu, ndi kulemba zotsatira. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa chimene chachiza, ndipo vuto likabweranso amayambira pachiyambi.

Mnyamata wa pa boma uja anatsata njira imeneyi. Anachotsa fumbi, kutentha kunatsika, koma kuzima kunangochepa osatha. Tsono anayamba kulemba m'kope nthawi ya kuzima kulikonse monga inalembedwera m'kaundula uja, ndipo patapita sabata anaona kuti nthawi zambiri zinkagwirizana ndi kulira kwa chigayo cha pafupi chikamayamba. Ananyamula kompyutayo kupita nayo kwa mlamu wake kumene kulibe chigayo, ndipo kumeneko inazima kamodzi kokha masiku awiri. Atawerenga chikuto cha power supply anapeza kuti ndi ya mawati 240. Olakwa anali awiri ogwirizana: power supply yofooka ndi magetsi ophethira. Anagula power supply yokwanira mwezi womwewo, ndipo UPS anaigula atagulitsa nyemba. RAM ija ya ku Mzuzu ikadali m'kabati.

Omvera amene makina awo ali ndi vuto lotere ayambe ndi kope, pensulo ndi kaburashi, ndipo chikwama achitsegule pokhapokha wolakwa atadziwika.