Dzina Likasowa M'kaundula wa Kompyuta

Komiti yathu ikufuna kuti membala aliyense azilowa pa webusayiti ya bungwe lino ndi dzina lake ndi pasiwedi. Popeza m'menemo mudzakhala manambala a foni ndi zopereka za aliyense, pali kanthu kamodzi koti tikafunse munthu amene adzatilembere pulogalamuyo.

Munthu akalemba dzina ndi pasiwedi, pulogalamu imatumiza funso ku database, ndiye kaundula wa mayina onse. Dzina likapezeka, database imabweza mzere wa munthuyo. Nanga likapanda kupezeka? Kwa database chimenechi si cholakwa ayi. Imangobweza yankho lopanda mzere ndi umodzi womwe, ndipo pulogalamu yolembedwa mwaphuma imapitirira ngati yapeza munthu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Tiyeni titenge PHP, chiyankhulo cha makompyuta chimene Rasmus Lerdorf adatulutsa mu 1995. Mzere ukasowa, pamalo pa pasiwedi yosungidwa pamakhala popanda kanthu. PHP imangochenjeza, koma siyiima. Tsono mlendo alembe dzina lopeka, pa pasiwedi asalembepo chilichonse. Pulogalamu ikayerekeza ziwirizi ndi chizindikiro cha ==, imapeza kuti n'zofanana, chitseko n'kutseguka. Zili ngati mlonda wa pachipata amene wasowa dzina lanu m'buku, inunso mwabwera opanda chiphaso, iye n'kunena kuti, "Zagwirizana, lowani bwana."

Mankhwala ake si odula. Pulogalamu iyambe yaona ngati mzere wabweradi. Ngati sunabwere, nkhani ithere pomwepo. Kuwonjezera apo, pasiwedi izisungidwa yobisika ndi password_hash n'kumayesedwa ndi password_verify, zimene zili mu PHP kuyambira chaka cha 2013.

Chotsala ndi uthenga wopita kwa wolowayo. Ife a m'boma tidazolowera kuuza munthu kuti fayilo yake sikupezeka, koma pano tisatero. Pulogalamu ikamanena kuti "dzina limeneli palibe", wakuba amayesa mayina mmodzimmodzi mpaka yankho litasintha, ndipo wadziwa amene ali m'kaundula. Kaya chalakwika ndi dzina kaya pasiwedi, yankho likhale limodzi: "Dzina kapena pasiwedi ndi yolakwika." Ndikudziwa kuti anzathu oiwalaiwala adzang'ung'udza. Amenewo akaonane ndi a mlembi.