Makiyi a Nkhokwe Akhale ndi Yani? Mau a Netiweki ndi Seva M'chinenero Chathu

Pa msonkhano wathu wa pachaka, komiti idapempha mmodzi wa ife, amene amagwira ntchito za makompyuta m'boma, kuti atimasulire mau ena ovuta tisadasaine pangano ndi kampani yodzaika makompyuta pasukulu. Nazi zimene adalankhula.



Tasonkha ndalama zathu kuti ana athu a kuno ku Namitete akhale ndi chipinda cha makompyuta, ndipo kalata za makampani zafika zodzaza ndi mau achilendo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tsono ine ndingomasulira mau ochepa amene mudzakumane nawo, kuti posaina tidziwe chimene tikugula, makamaka tidziwe amene adzasunge makiyi.

Ndiyambe ndi nkhani ya pakhomo pompano. M'chaka cha 2008, mnyamata wina wophunzira pa yunivesite ya Stanford ku America, dzina lake Josh Nesbit, adabwera ku chipatala cha St Gabriel's ndi mafoni a m'manja pafupifupi 100, laputopu imodzi ndi pulogalamu yotchedwa FrontlineSMS. Mafoniwo adagawidwa kwa anthu odzipereka a zaumoyo m'midzi, amene kale ankayenda mitunda italiitali pansi kapena panjinga kudzanena za odwala awo. Kuyambira pamenepo ankangotumiza uthenga, laputopu ija kuchipatala n'kuulandira, kuusunga ndi kutumiza yankho. Ntchitoyi ndiyo idabala bungwe la Medic Mobile.

M'nkhaniyi muli mau atatu oyamba. Netiweki ndi zipangizo ziwiri kapena zambiri zolumikizidwa kuti zizipatsana uthenga, kaya ndi waya kaya ndi mumlengalenga. Seva ndi kompyuta imene ntchito yake ndi kusunga zinthu ndi kutumikira zinzake, monga idachitira laputopu ija. Client ndi chipangizo chimene chimapempha, monga mafoni aja. Seva muiyerekeze ndi nkhokwe, ndipo client ndi mwana wotumidwa ndi lichero kukatapa chimanga. Makompyuta a m'chipinda chimodzi kapena pasukulu imodzi amapanga LAN. Akalumikizana a ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Capital Hill, imeneyo ndi WAN, ndipo ya boma imatchedwa GWAN. Intaneti ndi manetiweki onse a padziko lapansi atagwirana manja.

Enafe tikukumbukira mmene kalata zinkatipezera pasukulu: pa envulopu pankalembedwa dzina, nambala ya bokosi kapena Private Bag, kenaka positi ofesi. Kompyuta nayo ili ndi keyala yake yotchedwa IP address. Yofala kwambiri imakhala manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255, mwachitsanzo 192.168.1.1. Popeza munthu sangaloweze manambala otere a malo onse, pali DNS, imene ili ngati buku lija la manambala a telefoni: inu mumalemba dzina, iyo n'kupeza nambala yake. Dzinalo limatchedwa domain, ndipo maina a dziko lathu amathera ndi .mw. Router ndi kabokosi kamene kamaima pakati pa netiweki yanu ndi dziko lakunja, n'kumasankhira uthenga uliwonse njira, monga kalaliki wosankha kalata papositi.

Mau amene adzatidyere ndalama mwezi ndi mwezi ndi bandwidth. Amatanthauza kuchuluka kwa uthenga umene ungadutse pa sekondi imodzi, ndipo amayeza ndi Mbps. Ganizani za mpopi: paipi yaing'ono ikhoza kukwanira banja limodzi, koma ana 40 akafika ndi zidebe nthawi imodzi, mzere umatalika. Choncho kampani ikatchula nambala, tifunse ngati paipiyo ndi yathu yokha kapena tikugawana ndi makasitomala ena.

Tidziwenso kuti dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere. Uthenga wathu wambiri wopita kunja umadutsa m'zingwe za fibre za m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique, kenaka m'zingwe zoyalidwa pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe ziwiri zotere, EASSy ndi Seacom, zidaduka, ndipo intaneti idavuta m'maiko angapo a kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Nthawi imene makina aima imatchedwa downtime. Mmisiri akafuna kudziwa ngati seva ili moyo amatumiza ping, kumene kuli ngati kuodira pakhomo n'kumvetsera ngati wina ayankha. Tsono zinthu zofunika tsiku ndi tsiku, monga mabuku ndi mayeso akale, ndi bwino zikhale pa seva ya pasukulu pompano, kuti chingwe chikaduka kutali ana azipitiriza kuwerenga.

Tsopano ndafika pa phata la nkhani yanga. M'kalata zija muli mau akuti remote management. Tanthauzo lake ndi lakuti mmisiri sadzafunika kukwera minibasi ya ku Mchinji kuti adzakonze seva yathu. Adzalowamo ali khale mu ofesi yake ku Lilongwe, ku Blantyre ngakhale ku Johannesburg. Izi n'zabwino, chifukwa zimapulumutsa nthawi ndi ndalama za mayendedwe. Njira zake zodziwika ndi ziwiri. SSH ndi njira yolembera malamulo kwa seva ya kutali, ndipo uthenga wake umayenda wobisika kuti wina panjira asauwerenge. Remote desktop ndi njira imene mmisiri amaona zonse za pa sikirini ya kompyuta yathu, n'kumaiyendetsa ngati wakhala pampando wathu.

Seva ili ndi makomo ambiri okhala ndi manambala, otchedwa ma port. SSH kawirikawiri imalowera pa khomo 22, ndipo masamba otetezedwa a pa intaneti amadzera pa khomo 443. Firewall ndi mlonda wa pageti amene amatseka makomo onse osafunika ndi kufunsa aliyense kumene akuchokera. VPN ndi kanjira kobisika kodutsa m'kati mwa intaneti, kamene kamalola munthu wodziwika yekha kufika pa netiweki yathu ngati ali m'kati mwa mpanda.

Koma amene angathe kukonza ali kutali angathenso kuononga ali kutali. Pa seva iliyonse pali akaunti yaikulu yotchedwa administrator kapena root. Mwini wake angathe kutsegula chilichonse, kufufuta chilichonse, ngakhale kutitsekera kunja ife eni ake. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kampani ikasunga yokha pasiwedi ya akaunti imeneyi, tsiku limene tidzasemphane nayo pa za malipiro tidzapeza kuti nkhokwe ndi yathu koma makiyi ali m'thumba la wina.

Izi si nthano. Mu February 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adalowerera makina a ku Immigration n'kumafuna dipo. Chiwembu chotsekera eni ake zinthu zawo kuti alipire chimatchedwa ransomware. Kumbukiraninso Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zankhaninkhani zidatuluka kudzera m'makina a IFMIS, ndipo zolembedwa za malipiro ena zidafufutidwa kuti mapazi asaoneke. Ngati zotere zidagwera boma, nanga sukulu ya kumudzi?

Mau awiri otsiriza ndiwo mankhwala ake. Log ndi kaundula amene seva imalemba yokha: walowa ndani, nthawi yanji, wachita chiyani. Ali ngati rejisitala ija ya m'kalasi, ndipo amagwira ntchito pokhapokha aliyense ali ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Anthu asanu akamagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi, kaundulayo sangaloze munthu. Backup ndi kope lachiwiri la zonse za pa seva, losungidwa pamalo ena. Kope losungidwa m'chipinda chomwecho lidzapsa ndi moto womwewo kapena kubedwa ndi mbala yomweyo. Mukamva za cloud musayang'ane kumwamba: ndi seva za kampani ina zimene mumachita lendi, nthawi zambiri zili kunja kwa dziko. N'zothandiza posunga backup, komabe fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kope limodzi likhale m'manja mwathu.

Kaamba ka zonsezi, a Tcheyamani, ndikupempha komiti kuti isasaine mpaka zinthu zisanu izi zitalembedwa m'pangano. Choyamba, pasiwedi ya administrator ikhale ndi sukulu, yotsekeredwa mu envulopu m'sefa ya Mphunzitsi Wamkulu, ndipo isinthidwe mmisiri aliyense akachoka. Chachiwiri, dzina la domain lilembetsedwe m'dzina la sukulu, osati la kampani kapena la mmodzi wa ife. Chachitatu, wolowa ali kutali adzere pa VPN ndi akaunti yakeyake. Chachinayi, backup ichitike sabata iliyonse, ndipo kamodzi pa teremu tiziyesa ngati ikubwezadi zinthu. Chachisanu, aphunzitsi awiri aphunzitsidwe ntchitoyi, kuti mmodzi akasamutsidwa nzeru isapite naye. Tisaiwalenso UPS, batire lija lopatsa seva mphindi zochepa kuti izime bwino magetsi akathima.

Pa seva imeneyi padzakhala malikisi a ana, maina a makolo awo ndi kaundula wa fizi. Zimenezi n'zamtengo wapatali kuposa makompyuta amene tikugulawo. Amene muli ndi luso la ntchitoyi pakati pathu, chonde lembetsani maina anu kwa a Sekeletale lero lomwe, tithandizane kuwerenga kalata zija tisadapereke yankho.

Mulungu adalitse sukulu yathu.