Phokoso la m'Wailesi ya Woyendetsa Lole

Phunziro lathu la sayansi lero likunena za phokoso lija la thethethe limene limalowerera mawu m'wailesi.

Inu a ku Chelstone mumaona malole akuluakulu akudutsa pa Great East Road, ena kuchokera ku Chipata, ena kupita komweko. Mukayang'anitsitsa, ena mwa malolewo ali ndi kachitsulo katali ndi kowonda kataimirira pafupi ndi khomo la woyendetsa. Imeneyo ndi eriyo ya wailesi yolankhulirana. Mtundu wina wa wailesi zotere umatchedwa CB, ndipo unafala ku America, kumene boma linaupatsa malo pa 27 MHz m'chaka cha 1958. Pa wailesi yotere woyendetsa amamva mnzake wa patsogolo akumuchenjeza kuti pamsewu pachitika ngozi. Tsono taganizani: mnzakeyo akuti "chepetsani liwiro", koma mawuwo amira m'phokoso. Lole yodzaza ndi katundu siima msanga ayi.

Kodi phokosoli limachokera kuti? Kawirikawiri gwero lake ndi mbaliwali ya magetsi. Magetsi akalumpha kuchoka pa chitsulo china kupita pa chinzake, amatulutsa mafunde a wailesi. Heinrich Hertz wa ku Germany anaonetsa zimenezi mu 1887, ndipo mu 1901 Guglielmo Marconi anatumiza chizindikiro kuwoloka nyanja ya Atlantic ndi makina othethetsa mbaliwali. Choncho mbaliwali iliyonse ili ngati kanyumba koulutsira mawu, kungoti iko kamaulutsa phokoso lokhalokha.

Mbaliwali yaikulu koposa ndi mphezi. Kuyambira Novembala mpaka Epulo wailesi imathetheka ngakhale mvula ikugwa kutali. Agogo amene anamvetserapo wailesi ya Saucepan, imene inafika kuno mu 1949, akulidziwa bwino phokoso limenelo. Palinso phokoso la m'mudzi. Podutsa pamalo owotcherera zitsulo ku Kabwata, wailesi imakalipa. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands mpanda wa magetsi umamveka kuti tha, tha, tha, ngati wotchi. Zonsezi woyendetsa alibe nazo chochita. Akapitirira, zimatsala m'mbuyo.

Lovuta ndi phokoso limene amayenda nalo, lochokera m'galimoto yake yomwe. Injini ya petulo ili ndi mapulagi amene ntchito yake ndi kuthethetsa mbaliwali, ndipo m'wailesi amamveka ngati chimanga chokazinga chikuphulika. Malole aakulu amayendera dizilo, choncho alibe mapulagi otere, komabe sapulumuka. Ali ndi alternator, makina odzaza batire, amene amalira ngati udzudzu, ndipo kulirako kumakwera injini ikathamanga. Timakina toyendetsa mawaipa ndi fani nato timathetheka m'kati. Malole ambiri ali ndi magetsi a mavoti 24 pamene wailesi imafuna 12, ndipo kabokosi kotsitsa mphamvuyo nthawi zina ndiko kamene kamasokosa. Tchaja ya foni yotsika mtengo nayonso ndi yosadalirika.

Makaniko wanzeru sayamba ndi kugula zipangizo. Amayamba ndi kumvetsera. Amaimika lole, nazimitsa injini, natsegula wailesi yokha. Kukakhala zii, amaliza injini. Kenaka amayatsa mawaipa, fani ndi nyale, chimodzichimodzi, mpaka wolakwa adziulule yekha.

Akatero amafufuza khomo limene phokosolo likulowera, pakuti makomo alipo awiri: eriyo, ndi mawaya obweretsa magetsi. Amamasula nthambo ya eriyo kumbuyo kwa wailesi. (Pa nthawi imeneyi sakanikiza batani lolankhulira, chifukwa wailesi yotumiza mawu popanda eriyo ikhoza kupsa.) Phokoso likatha, ndiye kuti limalowera ku eriyo. Likapitirira, likudzera m'mawaya a magetsi.

Mankhwala ake ndi osiyana. Ngati vuto lili m'mawaya, amatenga magetsi a wailesi ku gwero lake ndi waya wakewake wokhala ndi fyuzi, osagawana ndi fani kapena tchaja, ndipo pawayapo akhoza kuikapo sefa ya magetsi. Ngati lili ku eriyo, amatalikitsa nthambo yake ndi mawaya a injini, naonetsetsa kuti tsinde la eriyo lagwira chitsulo chenicheni. Utoto ndi dzimbiri zimatchinga njira ya magetsi, choncho amapala malowo mpaka awale, namanga bauti zolimba. Ntchito yake ndi yonyozeka, koma nthawi zambiri imachiza kuposa chipangizo chodula.

Pa wailesi ya CB pali kopotokola kotchedwa squelch, kamene kamatseka mawu onse ofooka. Oyendetsa amakakonda chifukwa kamabweretsa bata. Koma dziwani kuti sikachotsa phokoso, kamangolibisa, ndipo mukakapotokola mopitirira muyeso mumatsekera kunja mnzanu wakutali uja amene amafuna kukuchenjezani.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji ZNBC pa FM imamveka bwino ngakhale kukugunda? Wailesi zambiri za CB zimatsata njira ya AM, imene imanyamula mawu mwa kukuza ndi kuchepetsa mafunde. Mbaliwali nayo imakuza mafunde mwadzidzidzi, ndipo wailesi siitha kusiyanitsa. Njira ya FM, imene Edwin Armstrong analembetsa mu 1933, imanyamula mawu mwa kusintha kufulumira kwa mafunde, choncho kukula kwawo sikuisokoneza kwenikweni.

Aphunzitsi, yesani izi m'kalasi. Pezani wailesi yokhala ndi MW kapena SW, muiike pamene palibe siteshoni. Tengani mwala umodzi wa tochi, tupa wonolera khasu ndi mawaya awiri. Waya woyamba ulumikize mutu wa mwala ndi tupa. Wachiwiri ugwire kunsi kwa mwala, ndipo nsonga yake inayo muikhulitse pa mano a tupa kwa kanthawi kochepa, kuti mwala usatenthe. Wailesi idzathetheka. Mwana mmodzi ainyamule, azibwerera m'mbuyo, anzake aziwerenga mapazi mpaka phokoso litaleka kumveka, ndipo alembe chiwerengerocho m'makope awo. Ana inu, zimenezi muchite ndi mwala wa tochi wokha. Magetsi a pakhoma amapha.