MAPAZI OTENTHA: MAWU OYANKHULIDWA PA MSONKHANO WATHU WA PACHAKA

A Wapampando, aphunzitsi athu opuma, ndi anzanga nonse amene tinkalimbirana nsima ya nyemba m'holo muno, ndikupatsani moni.

Mwandipempha kuti ndinenepo za umoyo poti ndakalambira m'chipatala pa ntchito ya unamwino. Ndasankha nkhani ya kutentha kwa mapazi chifukwa inandigwera ine ndemwe. Usiku ndinkatulutsa mapazi kunja kwa bulangeti, mwinanso kudzuka kukaponda simenti yozizira. Achibale ankati ndaponda mankhwala. Nditayezetsa magazi anandipeza ndi matenda a shuga.

Kawirikawiri moto umenewu umachokera m'timitsempha timene timanyamula uthenga wa ululu kuchoka kuphazi kupita kuubongo. Timeneti tikayamba kuwonongeka, munthu amamva kutentha, kubayabaya kapena dzanzi, kuyambira kuzala. Shuga ndiye amatsogola pa zoyambitsa zake. Ngati shuga wa m'magazi afika 126 mg/dL kapena kuposa munthu asanadye m'mawa, ndipo zabwerezeka poyezanso, ndiye kuti matendawa alipo.

Zina zoyambitsa ndi mowa wa tsiku ndi tsiku, kuchepa kwa vitamini B12 amene timapeza mu nsomba, mazira, nyama ndi mkaka, matenda a impso, ndiponso kachirombo ka HIV. Mankhwala ena nawonso amatero. Isoniazid wa chifuwa chachikulu amachepetsa vitamini B6 m'thupi, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine. Ambiri mukukumbukira ma ARV akale okhala ndi stavudine, amene boma linasiya kupereka poti ankawononga mitsempha. Koma musaleke nokha mankhwala aliwonse. Kambiranani ndi adokotala.

Kuchiza kwake ndi kupeza gwero. Wa shuga atsitse shuga, womwa mowa ausiye, wosowa vitamini apatsidwe. Ululu umachepa ndi mankhwala onga amitriptyline omwa pogona, kapena gabapentin, koma awa akulembereni kuchipatala. Panado sathandiza kwenikweni pa ululu wotere.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi dzanzi. Mnzathu wina wa m'kalasi mwanga ankaotha moto mwezi wa June, phazi n'kupsa iye osamva. Chilonda chinakula mpaka anamudula mwendo. Choncho muziyang'ana mapazi anu tsiku lililonse, pansi pake ndi pakati pa zala pomwe. Musayende opanda nsapato, ndipo muzizikutumula musanavale. Musaviike mapazi m'madzi otentha, ndipo musalole kutemedwa mphini. Mukaona chilonda, kutupa kapena chala chikuda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ine mapazi anga sanachiriretu, koma ndimagona tulo ndipo zala zonse khumi zilipo. Ndabwera ndi kamakina koyezera shuga, ndipo ndikhala pakhonde la laibulale tisanadye nkhomaliro. Amene simunayezetsepo mundipeze kumeneko.