Banja la a Murray ndi Chitukuko cha Boma la Dowa: Mawu Oyankhulidwa pa Mwambo Wokumbukira Makolo

 

Akuluakulu a bungwe lathu adandipempha kuti ndiyankhule za banja limodzi limene dzina lake silingasowe pamene tikamba za chitukuko cha boma la Dowa. Banjalo ndi la a Murray. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwadzifunsa kale mumtima kuti: kodi bungwe losunga chikhalidwe chathu lataya mzere, kuti lero likweze dzina la alendo ochokera kutali? Funsolo ndi loyenera, ndipo ndiyesa kuliyankha ndisanakhale pansi.

Gwero la banjali ndi ku Scotland. M'chaka cha 1822 mbusa wina dzina lake Andrew Murray adachoka kumeneko napita ku Graaff-Reinet, m'dziko la South Africa, kukatumikira mpingo wa Dutch Reformed. Ana ake ndi adzukulu ake ambiri adatsata ntchito ya ubusa. Mmodzi mwa adzukuluwo, Andrew Charles Murray, adafika ku Nyasaland m'chaka cha 1888. Poyamba adakhala ndi amishoni a Livingstonia, amene ankatsogoleredwa ndi Dr Robert Laws ku Bandawe, uku akufunafuna malo oti ayambepo ntchito yakeyake. Chaka chotsatira kudabwera mnzake, T.C.B. Vlok, ndipo awiriwo adayenda pansi kulowera chakumwera mpaka adafika m'dziko la Mfumu Chiwere. Pa 28 November 1889 adakhazikitsa mishoni ku Mvera.

Tiyeni tiime kaye pamenepa. Anthu awiriwo sadafike pa thengo lopanda mwini. Adapeza midzi, minda, mabwalo a milandu ndi mafumu. Iwo adapempha malo, ndipo amene adali ndi mphamvu yovomera kapena kukana adali Chiwere. Zaka zimenezo zidali za nkhondo ndi malonda a akapolo, ndipo Achewa ambiri ankakhala m'malinga ndi m'mapiri chifukwa cha mantha. Mfumu yolandira mlendo pa nthawi yotereyi inkayesa bwino phindu ndi chiopsezo chake. Tikamanena kuti mishoni ya Mvera idayamba mu 1889, tizikumbukira kuti tsiku lomwelo padali wolandiridwa ndi wolandira.

Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo koyamba kamene alendowa adabwera nako ndi sukulu. Njira yawo idali yophunzitsa anyamata ochepa pa mishoni, kenaka n'kuwatumiza m'midzi kuti akaphunzitse anzawo kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chinenero chawochawo. Motero sukulu zidafalikira mudzi ndi mudzi, zambiri mwa izo zomangidwa ndi mitengo ndi udzu, zomangidwa ndi eni mudzi. M'chaka cha 1894 Robert Blake adatsegula mishoni ya Kongwe, m'boma lathu lomwe lino, ndipo sekondale imene ili pamenepo lero imadziwika ndi dzina lake. Mu 1896 mishoni ina idatsegulidwa ku Nkhoma, m'dziko la Mfumu Mazengera, ndipo patapita zaka likulu la ntchito yonse lidasamukira kumeneko. Koma mbewu yonseyi idafesedwa kuchokera ku Mvera, ndipo ulemu umenewu ndi wa Dowa.

Mu 1894 momwemo kudafika mdzukulu wina wa mbusa wa ku Graaff-Reinet uja, William Hoppe Murray. Iyeyu adakhalitsa kuno zaka zoposa 40, ndipo kwa nthawi yaitali adali mtsogoleri wa mishoni yonse. Ntchito yake yaikulu idali kumasulira Baibulo. Amishoni a m'madera osiyanasiyana adagwirizana kuti pakhale buku limodzi lomveka kwa onse oyankhula Chinyanja, a kumwera ndi a pakati omwe. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre adathandiza, koma katundu wolemera adasenza ndi William Murray, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo lidachitikira pa Kaso, pafupi ndi Mvera. Patapita zaka pafupifupi 20, Buku Lopatulika lidatuluka m'chaka cha 1922.

Phindu la bukuli silidathere m'kachisi. Kwa mibadwo ingapo, ilo lidali buku lokhalo m'nyumba zambiri. Agogo athu adazolowera kuwerenga potsata mizere yake ndi chala. Anthu a ku Dowa, a ku Thyolo, a ku Chipata ndi abale athu amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni ankawerenga mawu amodzimodzi. Pamene boma lidasankha Chichewa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, lidapeza chinenero chimene chidazolowereka kale papepala. Ngakhale mpingo wina uli wonse uli ndi mabuku ake, ndipo lero tili ndi Buku Loyera limene lidatuluka mu 1998, palibe wokana kuti buku la 1922 lidaumba kalembedwe ka chinenero chathu.

Tsono ndifunse: kodi munthu wobadwira ku South Africa, woyankhula Chibunu ndi Chingerezi, adawatenga kuti mawu onsewo? Adawatenga pakamwa pa makolo athu. Pambali pake padali Jonathan Sande, Ismael Mwale ndi Wilebes Chikuse, aphunzitsi a konkuno amene ankamuuza liwu loyenera, namukaniza losayenera. Mutu umodzi susenza denga. Komabe mayina atatuwa ndi ochepa amene amawadziwa. Pali sukulu ku Nkhoma yotchedwa William Murray, ndipo n'koyenera kutero, koma ana athu ambiri amamaliza maphunziro osamvako za Sande, Mwale kapena Chikuse.

Kalumo kachitatu ndi chipatala. A.C. Murray adaphunzirako za mankhwala asanabwere kuno, ndipo ku Mvera odwala adayamba kuthandizidwa kuyambira masiku oyambirira. Chipatala cha Nkhoma, chimene chidayamba mu 1915, chikadalipo ndipo anthu a kuno amapitako, makamaka odwala maso. Mwana wamkazi wa William Murray, Dr Pauline Murray, amene adakwatiwa ndi J.L. Pretorius, adagwira ntchito ya udokotala kumeneko, nadzipereka pa umoyo wa amayi ndi ana. Apa ndi pamene timaonera kuti iyi idali ntchito ya banja: kholo litakalamba, mwana adapitiriza.

Mafumu athu, amayi ndi abambo, mwambo wokumbukira makolo si malo obisirapo choonadi. Lumo limameta, komanso limacheka. Mishoni ya Dutch Reformed idalimbana kwambiri ndi Gule Wamkulu. Wolowa mpingo ankayenera kusiya dambwe, ndipo m'zaka za m'ma 1920 m'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati mudali mkangano waukulu pakati pa sukulu ndi Nyau. Mabanja adagawanika, mwana kwina, malume kwina. Chinamwali cha atsikana chidaletsedwa kwa Akhristu, ndipo m'malo mwake mpingo udakhazikitsa chilangizo. Ng'oma zimene amishoni ankafuna kuti zileke zikulirabe mpaka lero, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO lidavomereza Gule Wamkulu kuti ndi chuma cha anthu a pa dziko lonse.

Padalinso dandaulo la maphunziro. Mishoniyi idakonda sukulu za m'midzi, ulimi ndi ntchito zamanja, koma sidafulumire kuphunzitsa Chingerezi ndi maphunziro apamwamba monga zidalili ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Zotsatira zake n'zakuti ntchito za ukalaliki ndi maudindo m'boma la atsamunda zidagwa kwambiri m'manja mwa anthu a kumpoto ndi kumwera, ndipo anthu a chigawo chapakati adatsalira. Tisaiwalenso kuti mpingo umene udatuma amishoniwa ndi womwewo umene pambuyo pake udachirikiza tsankho ku South Africa. Zonsezi ndi mbiri yathu, ndipo mwana amene tingamubisire adzazimva kwa ena, n'kuleka kutikhulupirira pa zina zonse.

Nanga n'chifukwa chiyani tikuwakumbukira? Yankho langa ndi ili: chilichonse chimene chidakhalitsa pa zimene banjali lidabweretsa, chidakhalitsa chifukwa makolo athu adachilandira nachisandutsa chawo. Mu 1925 Andreas Namkumba ndi Namon Katengeza adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyi. Mu 1926 Nkhoma idalowa mu mpingo wa CCAP, ndipo mu 1962 ntchito yonse idaperekedwa m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma. Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Samuel Yosia Ntara. Iye adaphunzira zilembo m'sukulu za mishoniyi nakhala mphunzitsi wake. Ndi zilembo zomwezo adalemba buku la Nthondo, lomwe lidatuluka mu 1933, kenaka Mbiri ya Achewa, m'mene adasungamo zimene akuluakulu ankasimba za Kalonga, za Undi ndi za maulendo a makolo athu. Cholembera chimene chidabwera kudzasintha Mchewa ndicho chidasunga mbiri ya Mchewa. Bungwe ngati lathuli likuyenda m'mapazi a Ntara.

Pali phunziro limodzi limene tingatenge kwa a Murray popanda manyazi. Iwo ankalemba. Tikudziwa tsiku limene adafika pa Mvera chifukwa adalemba makalata ndi malipoti, ndipo adzukulu awo adawasunga. Koma ndani adasenza katundu wawo pamutu kuchokera kunyanja kukwera mapiri onsewa? Ndani adaumba njerwa za kachisi? Ndi mayi uti adayamba kulola mwana wake wamkazi kupita ku sukulu anzake akumuseka? Ndi mfumu iti idateteza dambwe lake pa nthawi ya mkangano, kuti lero tikhale ndi gule woti tionetse alendo? Mayina awo ali m'mitu ya agogo amene akhala pamphasa apo, ndipo chaka chilichonse maliro amatichotsera ena mwa iwo.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, inu achinyamata amene muli ndi mafoni m'manja, khalani pansi ndi agogo anu sabata ino isanathe, muwafunse za mphunzitsi woyamba wa m'mudzi mwanu, za mlaliki, za namkungwi, za mzamba, ndipo mujambule mawu awo. Chachiwiri, m'nyumba zambiri muli mabaibulo akale amene pachikuto pake padalembedwa mayina a ana ndi masiku awo obadwa, muli makadi a ubatizo ndi makalata a abambo amene adali ku Joni. Musayatsire moto, musasiyire chiswe. Bweretsani ku bungwe lathu kuti tijambule, eni ake mubwerere nazo. Chachitatu, ndikupempha mafumu ndi akulu a mipingo kuti pamene mutcha dzina sukulu yatsopano, chitsime kapena msewu, mukumbukire Sande, Mwale, Chikuse ndi ena otere a m'midzi yanu.

Tikatero, amene adzaime pano zaka zikubwerazi adzatha kutchula banja la a Murray pamodzi ndi mabanja a kuno amene adasenza nawo dengali, lililonse ndi dzina lake.