Ana Athu Aidziwe Nyengo Yomwe Adzalimemo



Kopaletivi yathu yakwanitsa zaka 10. Za matumba omwe tagulitsa pamodzi mwamva kale kwa a msungichuma. Ine ndapemphedwa kulankhula za zaka 10 zikubwerazo, ndipo nkhani yanga ndi ya ana omwe ali kusukulu, pakuti minda tikulimayi ndi yawo.

Tangokumbukani zomwe dziko lino laona. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Chaka chotsatira kudagwa chilala, kenaka kudalowa mbozi zachilendo zija zodya chimanga. Mu 2019 kudabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe, ndipo mu Malichi 2023 Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, anthu mazanamazana nkutisiya. Mu 2024 dzuwa lidawamba mbewu mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi. Mwana yemwe ali mu Sitandade 8 wakula akuona zonsezi. Ena adasiya kuphunzira kwa masabata chifukwa makalasi awo adasanduka misasa ya anthu othawa madzi.

Ndiye mwanayo akafunsa kuti, "Amayi, mvula yadula bwanji chimanga chili pa ngaiyaye?" timamuyankha chiyani? Tisabisane, m'midzi ina yankho limakhala loti gogo uje wamanga mvula, ndipo okalamba ena azunzidwapo popanda mlandu. Mwana wodziwa chifukwa chenicheni sadzatola mwala kugenda agogo ake.

Chifukwa chake si chovuta kufotokoza. Anthu akamawotcha malasha, petulo ndi dizilo, komanso akamatentha nkhalango, mumlengalenga mumachuluka mpweya wa kaboni. Mpweyawu umasunga kutentha ngati bulangete. Dziko likatentha, madzi a m'nyanja zikuluzikulu amatenthanso, ndipo anamondwe ochokera ku nyanja ya mchere ya India amabwera atasenza mvula yambiri. Kutentha komweko kumaumitsa nthaka msanga nthawi ya ng'amba.

Apa pali mfundo ziwiri zomwe ndikufuna ana athu azimve bwinobwino. Yoyamba, mpweya wambiri umene watenthetsa dziko wachokera ku mayiko a mafakitale. Mwana wa kuno asamayende ndi mlandu ngati namondwe adamuitana ndi iye. Yachiwiri, ngakhale zili choncho, phiri lomwe talimeta mpala ndi lathu. Sitingaletse namondwe, koma madzi otsika paphiri lopanda mitengo amathamanga, amakokolola nthaka, amatsegula zigwembe m'minda mwathu. Pamenepo ndiye pali gawo lathu.

Aphunzitsi akuyesetsa. Phunziro la zaulimi lilipo ku pulaimale, ndipo za chilengedwe zimaphunzitsidwa. Koma kuyambira Sitandade 5 maphunziro amakhala m'Chingerezi, ndipo mwana amatha kuloweza mawu, nkukhoza mayeso, osadziwa kuti nkhaniyo ikunena za dimba la kwawo. Mphunzitsi ali ndi bolodi ndi choko. Munda, mbewu ndi luso la manja tili nazo ndife. Nchifukwa chake ndikupempha kuti pa msonkhano wathu waukulu tikavomereze zinthu zitatu.

Choyamba, tigulire sukulu zotizungulira chipangizo choyezera mvula ndi kope. Ana azilemba m'mawa uliwonse kuti kwagwa mamilimita angati. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, choncho mamilimita 20 pa hekitala imodzi ndi malita 200,000. Mwana akawerengetsa yekha masamu amenewa adzafunsa kuti madzi onsewo apita kuti. Zaka zikamapita, kope limenelo lidzatiuza za mvula ya kwathu konkuno, ndipo tidzaliyerekeza ndi ulosi womwe nthambi yoona za nyengo imapereka dzinja lisanayambe.

Chachiwiri, tipemphe a komiti ya sukulu kamunda kachitsanzo. Mbali ina tilime mwachizolowezi, mbali ina tiphimbire ndi mapesi, tiike akalozera ndi udzu wa vetiva, tithire manyowa a Mbeya, tisakanize chimanga ndi nandolo. Ana akolole okha, ayeze okha pa sikelo. Mamembala tizisinthana kupitako kukawaonetsa. Koma chonde aphunzitsi, kamundako kasakhale kopatsirako chibalo ochedwa. Mwana amene khasu walidziwira pa chilango adzathawa ulimi akangokula.

Chachitatu, nazale. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala nkutha pa 15 Epulo, ndipo chaka ndi chaka timadzala, kujambulitsa, basi mbuzi nkumaliza. Kalasi iliyonse ikhale ndi mitengo yake, ya msangu, ya gilisidiya ndi ya zipatso, ndipo mphotho ipite kwa omwe mitengo yawo yapulumuka pofika Okutobala.

Wina anena kuti ndalama za kopaletivi ndi za feteleza ndi misika. Zoona. Koma tadzifunsani kuti pa zaka 10 zikubwerazi adzakhale pa mipando mwakhalapoyi ndani. Ngati ana athu aona ulimi ngati juga ya mvula, adzapita ku Joni, ndipo masheya athu adzasowa owalandira.

Inunso makolo, mwana akabwera ndi nzeru ya kusukulu, musamudule kuti iwe ukudziwa chiyani. Mpatseni mizere iwiri ayesere. Ndipo agogo, muuzeni zizindikiro zomwe munkaonera mvula, kuti aziyese ndi zomwe zili m'kope lija.

M'mera mpoyamba, abale anga. Tikakumane ku msonkhano waukulu titaganiza bwino.