NDALAMA ZA KAMPANI NDI MAWU A ANTHU

Mawu amene mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu analankhula pa msonkhano wa ophunzira ku Nsadzo



Ena mwasiya fodya m'chigafa, ena mwasiya mphika pamoto. Ine ndine mwana wanu, ndipo za kumunda mumazidziwa kuposa ine. Koma lero ndabwera ndi nkhani imene inalembedwa kutali, kutsidya kwa nyanja. Nkhaniyo ikukhudza fodya wathu wa kuno ku Chifunde.

Tiyambe ndi funso. Kodi ndani amasankha wogula fodya wathu?

Tonse tikudziwa m'mene ulimi wa fodya umayendera. Boma limapereka dera kwa kampani imodzi. Kampaniyo imatikongoza mbewu ndi feteleza. Ife timafesa, timawokera, timathyola, timasoka. Tsiku la msika kampani imayesa fodya pa sikelo, imatchula giledi, imadula ngongole yake, ndipo ife timalandira zotsala. Wogula ndi mmodzi. Choncho wopatsidwa dera wapatsidwa thukuta la mabanja ambirimbiri.

Makampani kukhala ndi mphamvu pa anthu si chinthu chatsopano m'dziko muno. Pa nthawi ya atsamunda, Apwitikizi anabwereketsa dziko lathu kwa eni chuma a ku Ulaya. Companhia de Moçambique inalamulira Manica ndi Sofala mpaka 1942. Inali ndi asilikali ake ndi ndalama zakezake. Companhia do Niassa inalamulira kumpoto mpaka 1929. Kuno ku Tete kunali Companhia da Zambézia, imene inayamba mu 1892. Makolo athu analipira msonkho, anagwira chibalo, analima thonje mokakamizidwa. Palibe anawafunsa maganizo awo.

Mu 1975 tinalandira ufulu. Kuyambira mu 1994 timasankha atsogoleri pakati pa zipani zambiri. Tsopano kampani siingatume asilikali kudzatigwira. Koma ili ndi chida china. Chidacho ndi ndalama.

Mverani tsono nkhani ija.

Akuluakulu mukukumbukira kuti kale wogula fodya kuno ku Chifunde anali kampani ya Dimon. Mu 2005 boma linachotsa derali m'manja mwa Dimon ndi kulipereka kwa Mozambique Leaf Tobacco, imene inamanga fakitale ya fodya mu mzinda wa Tete. Mwini wa kampani imeneyi ndi Universal, kampani yaikulu ya mu mzinda wa Richmond ku Amereka.

Ku Amereka kuli lamulo loletsa makampani a kumeneko kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma a maiko ena. Mu 2010 bungwe la boma la Amereka loyang'anira makampani, lotchedwa SEC, linasumira Universal ku khoti. Pa chikalata cha mlanduwo linalemba kuti pakati pa 2004 ndi 2007 makampani a Universal anapereka madola pafupifupi 165,000 kwa akuluakulu ena a boma la Mozambique ndi abale awo. Linati cholinga chinali chakuti kampani ikhale yokha yogula fodya wa alimi, ndiponso kuti malamulo a fodya aikomere.

Chikalata chomwecho chinatchulanso anansi athu a ku Malawi. Chinati mu 2002 ndi 2003 mkulu wina wa boma analandira madola 500,000, wina 250,000, ndipo mtsogoleri wina wa chipani chotsutsa boma analandira 100,000. Taonani bwino apa. Ndalama zinapita uku ndi uku, kwa olamula ndi kwa otsutsa. Wachuma safuna kudikira kuti aone wopambana chisankho. Amafuna kuti aliyense wopambana akhale ndi ngongole kwa iye.

Universal siinavomere mlanduwo, siinaukanenso, koma inalola kulipira madola oposa mamiliyoni 4. Ndalamazo zinalowa m'thumba la boma la Amereka. Mlimi wa ku Nsadzo sanaoneko ngakhale metikali imodzi.

Anzanga, ine sindikunena kuti kampani iliyonse ndi mdani. Popanda wogula, fodya awola m'chigafa. Ambiri mwa ife tinafolera nyumba ndi malata, tinagula njinga, tinaphunzitsa ana ndi ndalama za fodya. Kampani ichite malonda, ipindule, ilipire msonkho. Choipa ndi chakuti igule akuluakulu amene ayenera kutiteteza ife.

Demokalase ndi ulamuliro wa anthu. Pa tsiku la chisankho mlimi ali ndi voti imodzi, wachuma ali ndi voti imodzi. Tonse timaviika chala mu inki yomweyo. Koma chisankho chimabwera kamodzi pa zaka 5. Masiku ena onse ndani amalowa mu ofesi ya bwanamkubwa? Ndani amakhala pafupi pamene lamulo likulembedwa? Ngati mtsogoleri walandira mphatso ya kampani, tsiku limene ife tidzakangane ndi kampaniyo pa mtengo wa fodya, iye adzaima mbali iti?

Nanga ife tichite chiyani?

Choyamba, tiphunzire kuwerenga ndi kuwerengera. Nkhani ndakuuzaniyi inadziwika chifukwa inalembedwa, ndipo anthu anaiwerenga. Wodziwa manambala amaona yekha makilo pa sikelo. Wodziwa zilembo amawerenga giledi pa chiphaso ndi ngongole pa pepala. Tisadinde chala pa pepala limene sitinalimve.

Chachiwiri, tidziwe malamulo athu. Lamulo la malo la 1997 likunena kuti kampani isanapatsidwe malo, anthu a pamalopo ayenera kufunsidwa. Lamulo la 2014 likupatsa nzika ufulu wofunsa ndi kuona zikalata za boma zokhudza anthu. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, tikhale pamodzi m'magulu a alimi. Dandaulo la munthu mmodzi limathera panjira. Kalata ya anthu 200, yokhala ndi maina awo olembedwa ndi manja awo, siitayika msanga.

Chachinayi, pa nthawi ya chisankho tisagulitse voti ndi chitenje kapena malaya. Ofuna mavoti akabwera ndi magalimoto, tiwafunse mwaulemu: ndalama zonsezi wakupatsani ndani? Adzafuna chiyani mukapambana?

Amayi ndi abambo, mawa madzulo tikumanenso pano. Amene muli ndi chiphaso cha fodya wa chaka chatha mubwere nacho. Tidzachiwerenga limodzi, mzere ndi mzere.

Umbuli uthe! Mawu a anthu amveke!

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Ndani amapereka dera la fodya kwa kampani?
2. Chifukwa chiyani wachuma angapereke ndalama kwa olamula ndi kwa otsutsa omwe?
3. Kodi pa gulu lathu ndi angati angathe kuwerenga sikelo okha?